Abiti Juwawo Sanali Mayi wa Mtendere

Pa maliro a Abiti Juwawo ku Monkey Bay sabata yathayi, munthu amene anawachotsa ntchito ndiye anapatsidwa mpata woyankhula m'malo mwa yunivesite. Anabwera ndi nkhata ya maluwa apulasitiki ndi pepala lotayipa, anaima pafupi ndi bokosi, n'kuwerenga kuti dziko lataya mayi wa mtendere, mayi wofatsa amene sankadziwa kukweza mawu. Azimayi a mumpingo anavomereza ndi mitu, poti pamaliro satsutsana. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni. Ndikulemba izi kuti bodza limenelo lisakhale mawu omaliza onenedwa za iwo.

Abiti Juwawo sanali ofatsa ngakhale pang'ono. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, wa mawu omveka kuchokera kuhositelo ya atsikana mpaka kugeti. Akakwiya ankayamba m'Chichewa, n'kulowa m'Chiyao, ndipo zikafika poipa ankamalizira m'Chipwitikizi, chimene palibe ankachimva pasukulupo koma tonse tinkadziwa kuti sakutidalitsa. Ine ndinagwira ntchito pansi pawo zaka ziwiri monga mmodzi wa ophunzira oyanjanitsa anzawo akayambana. Anandiphunzitsa ntchitoyo ndi iwo, anandithamangitsanso ndi iwo, ndipo pondithamangitsapo sanalakwe.

Dzina lawo la ubatizo linali Felisita. Anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo analowa m'dziko muno cha ku Chiponde pa nthawi ya nkhondo, ali mtsikana wongokwatiwa kumene, mwana kumbuyo, mtolo pamutu. Ayao a ku Namwera amene anawalandira ndiwo anawapatsa dzina lakuti Abiti Juwawo potengera dzina la bambo awo, ndipo linawakanirira mpaka kumanda. Za nkhondoyo sankakamba. Chimene ankakamba ndi mjigo umodzi umene othawa nkhondo ankalimbirana ndi eni mudzi, ndi momwe anthu anawasankhira kuti aziyang'anira mzere wa zidebe chifukwa ndi iwo okha amene sankaopa kutukwanidwa ndi mbali zonse ziwiri. Ankati sukulu yawo yonse ya milandu anaiphunzira pamjigopo. Anzawo atabwerera kwawo nkhondo itatha, iwo anatsala, poti amuna awo anali atawaika m'manda kuno.

Pa yunivesite yathu ku Mangochi anayamba ndi tsache, kusesa m'hositelo ya atsikana, kenaka anakhala metroni. Bungwe lina lakunja litapereka thandizo loti pakhale ofesi imene ophunzira aziyanjanitsa ophunzira anzawo, aphunzitsi onse anaikana chifukwa inalibe galimoto kapena maulendo a ku Lilongwe. Anaiponyera kwa Abiti Juwawo, popeza ana asukulu ankapita kale kwa iwo akayambana. Anawapatsa kachipinda kuseri kwa khitchini ndi chilolezo cholemba ophunzira asanu ndi mmodzi chaka chilichonse, olandira kangachepe pakutha pa mwezi. Kwa ife ana a asodzi ndi alimi kangachepeko kanali sopo ndi makope, ndiye ntchitoyo tinkailimbirana.

Kufunsira ntchito kwa iwo kunali ngati kukaonekera kukhoti. Magiredi sankawayang'ana. Ine, mnyamata wa ku Nkope wa chaka chachiwiri, ndinapita nditavala tayi yobwereka, ndipo anandifunsa funso limodzi lokha: munthu womaliza kumulakwira anali ndani, ndipo ndinatani nditamulakwira. Ndinayankha zokometsera, zoti vuto langa ndi kukonda anthu mopitirira muyeso. Anakoka fodya wawo wamphuno, n'kundiuza kuti ndikabweze tayiyo kwa mwini wake ndipo ndibwere mawa ndi yankho la munthu. Mawa lake ndinawauza za mng'ono wanga amene ndinamunamizira kuti ndiye anang'amba ukonde wa bambo, n'kumusiya akukwapulidwa ine ndikuonerera. Anandilemba. Anati munthu amene sanadzionepo ali wolakwa amathamangira kuweruza, ndipo wothamanga alibe naye ntchito.

Milandu yambiri inali yaing'ono kwa munthu woionera patali: chaja yosowa, wailesi yosokosera nthawi ya mayeso, mnzako wobweretsa chibwenzi m'chipinda iwe n'kumadikira panja, mapemphero okuwa ena akufuna kuwerenga. Iwo sankalola kuti tiziitchula yaing'ono. Ankati anthu sagwirana pakhosi chifukwa cha chaja, koma chajayo imapeza mkwiyo wa miyezi isanu ukudikira. Anatulutsa tebulo m'chipindamo kuti oyambana aziyang'anizana popanda chobisalira. Mafoni onse, ngakhale athu, ankatsala m'beseni pakhomo. Ife oyanjanitsa tinkakhala awiriawiri pa mlandu, iwo ali pakona ndi mtedza wawo osayankhula, koma ukangofulumira kunena kuti tiyeni tingoiwala, unkamva khoko la mtedza lakugenda pakhosi. Mawu amenewo ankadana nawo kuposa kutukwana. Ankadananso ndi chanza chokakamiza. Anthu akalephera kugwirizana ankawauza kuti atuluke osagwirizana, bola aliyense wanena zake ndipo wamva za mnzake. Pakatha sabata ankatituma kuti tikawaone kuchipinda kwawo, tisafunse kanthu, tingoona ngati akudyera limodzi kapena wina wayamba kugona kwa anzake.

Mnyamata wina wa ku Ntcheu anaphikapo nkhumba m'poto wa mnzake wachisilamu amene ankakhala naye chipinda chimodzi. Nkhaniyo inakula msanga, magulu anayamba kusonkhana, awa kumzikiti wa pasukulu, awo pansi pa mitengo ya kuhositelo. Ife tinaganiza kuti wolakwayo agule poto watsopano nkhani ithe. Abiti anatiletsa. Anafunsa mnyamatayo ngati ankadziwa kuti mwini poto sadya nkhumba. Anazemba kawiri, kachitatu n'kuvomera kuti ankadziwa ndipo anachita dala, chifukwa mnzakeyo akamapita kukaswali m'mawa ankasiya chitseko chotsegula, udzudzu n'kudzaza chipinda, ndipo anali atadwala malungo kawiri teremu imodzi. Tinakhala masana onse pa nkhani ya chitseko. Poto anagulidwa pamapeto pake, koma iwo anati tikanayambira kupotoyo tikanamagula mapoto mwezi ndi mwezi mpaka wina atalasidwa.

Anayambana ndi aliyense pasukulupo. Abusa a pa yunivesite ankafuna kuti mlandu uliwonse uziyamba ndi pemphero la chikhululukiro, ndipo iwo, Mkatolika wosaphonya misa, anawauza kuti kupempherera chikhululukiro munthu asananene chimene chamupweteka ndi kumutseka pakamwa ndi Baibulo. Mphunzitsi wina anabwera kudzatiphunzitsa ndi buku lojambulidwa mivi ndi mabokosi, losonyeza njira yochokera ku mkangano kukafika ku mtendere. Anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumufunsa kuti pa mabokosi onsewo, munthu amalirira m'bokosi liti. Mkangano wawo waukulu komanso wakalekale unali ndi mkulu woyang'anira za ophunzira, amene tonse tinkawatchula a Dini. A Dini ankafuna kuti lipoti lopita kwa otithandiza lizionetsa kuti mlandu uliwonse unatha bwino. Abiti ankalemba kuti sunathe pomwe sunathe, ndipo lipoti likabwezedwa kuti alikonze, ankalitumizanso momwe linalili, nthawi zina ndi banga la tiyi pamwamba.

Sindikufuna kuwasandutsa woyera mtima, chifukwa limenelo lingakhale bodza lachiwiri. Ankakondera atsikana, ndipo mnyamata aliyense ankalowa m'chipindamo ali wolakwa kale theka. Anachotsa ntchito mnzathu wina chifukwa choulula nkhani ya mlandu kwa chibwenzi chake, osamupatsa ngakhale mpata wodziteteza, iwo amene ankatilalikira tsiku ndi tsiku za kumva mbali zonse. Tsiku lina anakalipira mnyamata wina pamaso pathu kuti ndi mbava ya laputopu, n'kudzapezeka kuti mwini laputopuyo anaigulitsa yekha n'kunamizira akuba poopa makolo ake. Abiti anapita kukafiteriya nthawi ya nkhomaliro, anamenya mbale ndi supuni kuti anthu akhale chete, n'kumupepesa mnyamatayo pamaso pa sukulu yonse, koma mokalipa ngati kuti iyeyo ndiye wawalakwira. Anthu anaseka. Mnyamatayo analira.

Lamulo limodzi ankalibwereza chaka chilichonse kwa olembedwa kumene: magazi akatuluka, kapena mkazi akagwiridwa thupi asakufuna, nkhaniyo si yathu. Imapita kuchipatala, kupolisi ndi ku komiti ya chilango. Ankati kuyanjanitsa n'kwa anthu amene angathe kukana, ndipo munthu amene akuopa mnzake sangakane chilichonse. Lamulo limeneli ndinalimva kawiri, pa chaka changa choyamba pantchitoyo ndi pa chachiwiri. Ndikunena izi kuti wina asandichitire chifundo poganiza kuti sindinkadziwa.

Hawa anali mtsikana wa chaka choyamba wochokera kwa Mponda. Kondwani anali pulezidenti wa bungwe la ophunzira, mnyamata wodziwa kuyankhula, amene akuluakulu a sukulu ankamufuna kwambiri mwezi umenewo chifukwa ophunzira ankaopseza kunyanyala maphunziro pa nkhani ya chakudya, ndipo iye yekha ndiye ankatha kuwagwira. Anali atamufunsira Hawa n'kukanidwa kangapo. Lachinayi lina masana, kuseri kwa laibulale, anamupeza akuyankhula ndi mnyamata wa m'kalasi mwake, anamulanda foni, ndipo Hawa atayesa kuitenganso anamumenya chibakera pakamwa. Dzino lam'mwamba linathyoka, mlomo unang'ambika. Anthu anaona, ena anajambula, palibe anamugwira Kondwani.

Abiti kunalibe. Anali atapita ku Namwera kumaliro a mlamu wawo. Lachisanu m'mawa a Dini anandiitana ku ofesi yawo, anandipatsa mpando wofewa ndi chakumwa chozizira. Anati awiriwo ndi chibwenzi chimene changokangana. Anati kupita kupolisi kungawononge tsogolo la ana onse awiri ndi mbiri ya sukulu. Anati Lolemba kukubwera alendo a bungwe lotithandiza kudzaona ofesi yathu, ndipo zingakhale zokoma kuwaonetsa kuti ngakhale nkhani zikuluzikulu timazitha tokha. Anatchulanso, mongodutsa, kuti makalata ochitira umboni ophunzira ofuna ntchito akamaliza maphunziro amalemba ndi iwo. Ndinawauza za lamulo la magazi. Anaseka, n'kundifunsa kuti pakati pa iwo ndi metroni, wamkulu ndani pasukulupo.

Ndinachita zimene anandiuza. Masana omwewo ndinawakhazika awiriwo moyang'anizana, Hawa atagwira mpango pakamwa, ndipo ndinagwiritsa ntchito luso lonse limene Abiti anandiphunzitsa. Ndinayankhula motsitsa. Ndinapatsa aliyense mpata. Kondwani analira misozi yeniyeni, anati ndi satana, anati alipira dokotala wa mano. Hawa sananene mawu opitirira khumi, ndipo nthawi yonseyo maso ake anali pachitseko. Ndinawaona maso amenewo ndipo tanthauzo lake ndinalidziwa. Ndinatulutsa fomu imene a Dini anali atandipatsa, yonena kuti awiriwo akambirana mwaufulu ndipo nkhani yatha, Hawa n'kusayina. Nanenso ndinasayina pamunsi monga mboni.

Abiti anafika Lolemba m'mawa atavalabe chitenje cha kumaliro. Atsikana a kuhositelo anali atawauza kale zonse pageti. Anandipeza m'chipindamo ndikusesa pokonzekera alendo. Sanakuwe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Anandifunsa ngati magazi ndinawaona, ndinati ndinawaona. Anandifunsa ngati Hawa akanatha kuimirira n'kutuluka Kondwani ali pomwepo. Ndinapitiriza kusesa.

"Iwe Yohane," anatero, "a Dini sakanatha kumusayinitsa mwana uja. Akanawaopa, akanathawa. Wasayina chifukwa ankakhulupirira chipinda chino. Wamugulitsa pa dzina langa. Ika tsachelo pansi, uchoke."

Zimene zinatsatira ndinaziona ndili panja pamodzi ndi anthu ena. Anakamutenga Hawa kuhositelo, anamugwira dzanja, n'kudutsa naye pakati pa bwalo nthawi yomwe a Dini ankatsogolera alendo atatu kupita ku ofesi yathu. Anaima kutsogolo kwawo n'kutseka njira. Hawa anachotsa mpango pakamwa. Chingerezi cha Abiti chinali chothyokathyoka koma chinakwana: anauza alendowo kuti uwu ndiwo mtendere umene abwera kudzauona, anatchula dzina la womenya, anatchulanso dzina la amene analamula kuti nkhani ikwiriridwe, mwini dzinalo ataima pambali pawo. A Dini anayesa kuwagwira pamkono, n'kuwauza m'Chichewa chotsitsa kuti amayi tiyeni tikakambirane m'kati.

"M'kati ndi mmene mwamupwetekera kachiwiri," anayankha. "Lero tikambira panja."

Ataona kuti palibe chinanso chonena, Abiti anaitana akabaza awiri, kupita ndi Hawa kuchipatala, kuchoka uko kupolisi. Ena pasukulupo anati anamuchititsa manyazi mwana wa eni pomuonetsa kwa alendo ngati mbuzi yapamsika, ndipo inenso ndinanena nawo mawu amenewo masiku amenewo, chifukwa ankandipepukitsa mtima. Hawa anadzandiuza patapita zaka kuti Abiti anamufunsa kaye kuhositelo, anamuuza kuti akakana palibe vuto, angotulukira kugeti lakumbuyo kupita kuchipatala mwakachetechete. Anasankha yekha kudutsa pabwalo.

Ndikanakonda kulemba kuti chilungamo chinachitika. Komiti ya chilango inakhala, Kondwani anangoika patebulo fomu ija, ya dzina la Hawa ndi langa. Anandiitana n'kundifunsa ngati alipo amene anandikakamiza kuchita zimene ndinachita. A Dini anali pampando wachitatu kuchokera kumanzere. Ndinati palibe, ndipo ndinadzilimbitsa mtima kuti sindinaname, poti palibe anandiloza ndi mpeni. Achibale a Kondwani anatenga fomu yomweyo kupita nayo kwa Mponda, ndipo amalume a Hawa, atatopa ndi maulendo a kupolisi ndi anthu obwera kudzagwada pakhomo, anamuuza kuti aichotse nkhaniyo. Kondwani anapatsidwa chenjezo, anamaliza maphunziro, ndipo masiku ano ndimamuona pazithunzi atavala suti pamisonkhano ya achinyamata. Hawa anapirira teremu imodzi, anzake a Kondwani akumuimbira mluzu paliponse podutsa, n'kusiya sukulu.

Abiti analandira kalata yonena kuti ofesi yoyanjanitsa tsopano ikufunika munthu wa digiri, ndiponso kuti kontrakiti yawo ya umetroni siwonjezeredwa. Zaka zonse zimene ofesiyo inalibe woifuna, digiri sinkafunika. Aphunzitsi amene ankabwera kwa iwo mobisa ndi mikangano ya m'mabanja mwawo sanatsegule pakamwa. Abusa anati awapempherera. Anzanga asanu otsalawo anagwirizana zolemba kalata yodandaula, koma sinapite kulikonse chifukwa aliyense ankadikira kuti mnzake asayine poyamba. Tsiku lochoka ananyamula okha katundu wawo mpaka kumsewu, atsikana ochepa akuwatsatira kumbuyo, ndipo anawakalipira kuti abwerere kukalasi, makolo awo sanawatumize kudzaperekeza nkhalamba. Anakwera matola opita ku Monkey Bay, kwa mwana wawo wamkazi.

Ine ndinalandira kalata yanga yochitira umboni kuchokera kwa a Dini, yokoma kwambiri, ndipo ndi imene inandipezetsa ntchito imene ndikudyera lero.

Zinanditengera zaka zinayi kuti ndipite kukawaona. Ankakhala kuseri kwa depoti ya maminibasi, akugulitsa usipa wouma pakhomo, ndipo azimayi ogula nsomba kudoko ndi anyamata oitanira ankabwera okha ndi mikangano yawo popanda fomu kapena chikwangwani. Ndinawapeza akukalipira makondakitala awiri amene anamenyanirana pasinjala mpaka kumung'ambira malaya. Atathana nawo anatembenukira kwa ine. Mawu opepesa ndinali nditawakonza njira yonse kuchokera ku Mangochi, koma sanandilole kuwamaliza. Anandifunsa ngati kwa Mponda ndinapita. Ndinati ayi.

"Ndiye wabwera kudzatani kuno? Dzino limene linathyoka si langa. Ukufuna ndikukhululukire ine kuti ukagone tulo, poti ine ndine wosavuta. Pita kwa mwini mlandu. Akakuthamangitsa, ukumve kuthamangitsidwako."

Sanandipatse ngakhale madzi. Kwa Mponda ndinapita mwezi wotsatira. Hawa anali atakwatiwa, ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya apongozi ake. Anaimitsa makina n'kundimvetsera mpaka kumapeto. Sanandikhululukire, anangoti wamva. Ndi tsiku lomwelo limene anandiuza kuti chaka chonse choyamba Abiti ankabwera kudzamuona mwezi uliwonse, atanyamula mafomu a makoleji ena, kumuumiriza kuti abwerere kusukulu, ndipo iye atakanitsitsa anayambana koopsa, mpaka Abiti anakhala miyezi itatu osabwera. Anabweranso mwana wa Hawa atabadwa, ndi sopo ndi nsalu, akudandaulabe za sukulu. Nditabwerera ku Monkey Bay kukawauza kuti ndapita, sanafunse kuti zinatha bwanji. Anandituma kukagula fodya wamphuno kumsika, ndipo nditabwera naye anandilola kukhala pampando.

Kuyambira pamenepo ndinkapita kawiri kapena katatu pa chaka. Za yunivesite sankafuna kumva, kupatula funso limodzi limene ankandifunsa ulendo uliwonse, loti ana amene akulembedwa tsopano akuuzidwa za magazi kapena ayi. Sindinkadziwa yankho, ndipo ankandinyoza kuti munthu wophunzira ngati ine sindingathe kufufuza kanthu kakang'ono chotero. Anadwala sitiroko nyengo yadzinja yapitayi, mbali yakumanja inafa, koma pakamwa panatsala. Mwana wawo anandiuza kuti m'chipatala ankakalipira achibale a odwala anzawo amene ankadumpha mzere wa mankhwala, ali chigonere, mawu akutuluka mbali imodzi.

Hawa anabwera kumaliro. Anakhala pakati pa azimayi, atafunda mpango wakuda, mwana pamiyendo. A Dini, amene tsopano ali ndi udindo wokulirapo, atafika pa mawu akuti mayi wofatsa, Hawa anaimirira, anabereka mwana wake mosafulumira, n'kudutsa pakati pa anthu onse kupita kumsewu. Aliyense anamuona, ndipo wowerengayo anaphonya mzere n'kuyambiranso. Ine ndinali ndi pakamwa, ndinali ndi nkhani yonse, ndipo ndinakhala chete kachiwiri mpaka bokosi linatsika. Mkwiyo umene ndili nawo pa mkulu ameneyu ndi waukulu, koma sunganditeteze ku chimenecho.

Pobwerera ndinatsika pa yunivesite. Ofesi yoyanjanitsa ilipobe, inasamukira m'nyumba yatsopano ya zitseko zagalasi, ndipo ophunzira olembedwa ntchitoyo amavala matisheti ojambulidwa manja awiri atagwirana. Ndinafunsa mtsikana amene anali pakhomo kuti mnzake akabwera atamenyedwa mpaka magazi amatani. Anandiyankha mwaulemu kuti nkhani iliyonse amayesa kaye kuithetsa mwa kukambirana. Dzina la Abiti Juwawo sanalimvepo.

Kachipinda kakuseri kwa khitchini ndinakapeza kosakiya. Muli matiresi ong'ambika ounjikidwa mpaka kudenga, mipando yopanda miyendo, ndi filiji yakufa imene mbewa zasandutsa nyumba. Zenera anatseka ndi katoni, ndiye m'katimo ndi mdima ngakhale masana, ndipo fungo la mileme limakulandira usanalowe. Pakhoma lakukona pali banga lakuda la mafuta a kumutu, lotsika kwambiri, pomwe munthu wamfupi ankatsamira zaka zambiri atakhala pampando, ndipo pamwamba pake pali msomali wopindika wopanda chopachikapo. Mayi wina wophika anandipeza nditaima pamenepo n'kundifunsa ngati ndikufuna kanthu. Ndinamufunsa ngati akudziwa amene ankagwira ntchito m'chipindamo. Anati sakudziwa, iye anapeza muli mosungira zinthu zothyoka.